Kujambula chowerama

N'kovuta lero kupeza munthu wamkulu kwa Ngokwe amene sanakhalepo patsogolo pa kamera. Mu 2017, pamene a National Registration Bureau ankalemba nzika zonse za zaka 16 kupita m'tsogolo, Amalawi oposa 9 miliyoni anakhazikidwa pampando, kuuzidwa kuti awongole khosi, ayang'ane kutsogolo, basi nyamukani abwere wina. Kuchokera apo kwabwera akalembera a zisankho, kwabwera olemba maina a Mtukula Pakhomo, kwabweranso mabungwe ogawa chimanga amene sachoka pamalo asanajambule mayi atasenza thumba. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, boma lathu la Machinga linali m'gulu la maboma okhudzidwa, ndipo makamera sanachedwe kufika. Koma talowani m'nyumba imodziimodzi mufunse agogo kuti, "Chithunzi chanu chili kuti?" Ambiri amasula mfundo ya pachitenje, kapena apisa m'kajumbo kobisidwa kudenga, n'kukuonetsani chiphaso cha unzika. Nkhope zawo zili m'makompyuta a ku Lilongwe ndi m'malipoti a kunja, koma pakhoma pa nyumba zawo palibe.

Nkhani imeneyi inkandiwawa kuyambira kale, koma chimene chinandichititsa kuti ndiiganizire mofatsa ndi kamera yakufa, imene sinajambule kanthu kwa zaka zambiri.

Amalume anga anapita ku Joni pa Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndege ija isanagwe ku Francistown mu Epulo 1974. Ngoziyo inapha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi kuchokera kumigodi, ndipo inachititsa Kamuzu Banda kuimitsa maulendowo. Pobwera amalume anadza ndi zimene ankadza nazo anzawo onse: bulangete lolemera, wailesi, jekete ndi bokosi lachitsulo. Koma iwo anawonjezapo kabokosi kakuda ka maso awiri, lina pamwamba lina pansi, kolembedwa kuti Kodak Duaflex. Anakagula kogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa kampani ya Kodak inayamba kupanga makamera amenewa mu 1947 n'kulekeza mu 1960. Filimu yake inali ya mtundu wa 620, yotulutsa zithunzi 12 zokha, zofanana m'litali ndi m'lifupi. Kwathu kunalibe kogula filimu yotero, ndiye imene anabwera nayo itatha, kamera inalowa m'bokosi pamodzi ndi mapepala a kumgodi. A Kodak eni ake anasiyiratu kupanga filimuyo mu 1995. Amalume atatisiya, amayi anandipatsa kamerayo poti pa ana onse ndine ndinkakonda kusuzumiramo.

Pa maso awiri aja, lam'munsi ndilo lojambula, ndipo kuseri kwake n'kumene kumadutsa filimu. Lam'mwamba ntchito yake n'kuonetsa wojambula chimene akulozetsa. Kuseri kwake kuli kalilole wopendekeka amene amalandira kuwala n'kukuponya m'mwamba, pa galasi limene lili padenga pa kamera. Choncho kamera imeneyi suiika kumaso. Umaigwirira pamimba n'kuweramitsa mutu ngati munthu wosuzumira m'chitsime, ndipo pansipo umaona bwalo lonse, mtengo wa mango, nkhokwe, nkhuku zikudutsa, zonse zowala mbee m'kagalasi kosakwana chikhatho. Mbali imeneyi sifuna filimu, sifuna batire. Ngakhale m'kati mutachita dzimbiri, diso lam'mwamba limaonabe malinga kunja kukuwala.

Anthu ena okonda kujambula ku Ulaya ndi ku America anatulukira mwayi umenewu chapakati pa zaka za m'ma 2000, makamera a digito atachuluka, akale akugulitsidwa motchipa m'misika ya zinthu zakutha. Anayamba kulozetsa kamera yatsopano pa galasi lapadenga la yakale, kujambula chimene chikuoneka pamenepo, n'kumaonetsana zithunzizo pa tsamba la pa intaneti la Flickr. Njirayi amaitcha Through the Viewfinder. Amakonda kwambiri Duaflex ndi inzake yotchedwa Argus Seventy-Five, chifukwa galasi lake n'lowala kuposa la makamera odula monga Rolleiflex. Chithunzi chotuluka chimakhala ndi ngodya zobulungira, chozunguliridwa ndi mdima, chooneka bwino pakati koma chachimbuuzi m'mbali. Fumbi lililonse ndi kukalika kulikonse kwa pagalasi kumatuluka pomwepo.

Nditayesa njirayi ndi foni yanga, ndinapeza kuti vuto lalikulu ndi dzuwa. Dzuwa la kwa Ngokwe mu Okutobala likagwa pa galasi lapadengalo, foni imangojambula thambo ndi chipumi cha mwini wake. Pamafunika paipi yotchinga kuwala pakati pa makamera awiriwo. Yanga ndinaipanga ndi katoni ya sopo yopempha pagolosale. Ndinaidula, kuipinda ngodya zinayi kuti ivale mutu wa Duaflex ndendende, m'kati n'kupakamo penti wakuda wa bolodi amene aphunzitsi ena anandigawira m'kabotolo. Kutalika kwake umakupeza pochita kuyesa, chifukwa foni ikayandikira kwambiri imalephera kuona bwino, ikatalikiranso chithunzi chimachepa. Pamwamba ndinaika chivindikiro cha katoni yomweyo chokhala ndi kabowo ka diso la foni, ndipo zonse ndinazimanga ndi timizere ta chubu chakutha cha njinga. Ndalama sindinaonongepo, ndipo aliyense wodziwa kugwira mpeni atha kuipanga masana amodzi.

Chinthu chotere sungayende nacho mobisa, ndipo ubwino wake woyamba ndi umenewo. Ukangotuluka nacho pabwalo ana amathamanga: "Achimwene, chimenecho n'chiyani?" Ndimachotsa foni n'kuwauza kuti asuzumire mmodzimmodzi. Wina amathamangira kutsogolo kukavina, amene akusuzumirayo n'kukuwa kuti wamuona mnzake walowa m'bokosi. Phokoso likakula amayi amasiya mtondo kudzaona, kenako abambo amene poyamba amaonetsa ngati alibe nazo ntchito. Pofika nthawi yojambula, aliyense amakhala akudziwa chimene bokosilo limaona ndi pamene limalekezera. Wofuna kukasintha chitenje amapita, wofuna kofia yake ya kumzikiti amatuma mwana. Ndi foni yokha zinthu zimayenda chobwerera: umayamba wajambula, munthu n'kuona pambuyo, ngati waonetsedwa n'komwe. Kwathu kuli akuluakulu ena achisilamu amene pa chikhulupiriro chawo safuna kuti chithunzi chawo chisungidwe. Kuchedwa kwa kamera imeneyi kumawapatsa mpata wokana, ndipo kukana kwawo kumamveka ndisanadine kanthu.

Koma chimene chandigwira mtima kuposa zonse ndi kuwerama kuja. Ife tinaleredwa kuti mwana sayang'anitsitsa wamkulu m'maso. Ukaitanidwa umagwada kapena kunjuta, maso pansi, n'kumvetsera. Tsono taganizani mmene timajambulira ndi foni. Waimirira njo, wakweza dzanja, waika chinthu pakati pa nkhope yako ndi ya munthu amene wakhala pamphasa. Kamera ikuyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo wojambulidwayo amatuluka wochepa, maso m'mwamba, ngati akupempha ngakhale sanapemphe kanthu. Zithunzi zambiri za anthu a kumidzi zimene timaona m'manyuzi ndi m'malipoti zimajambulidwa kuchokera pamenepo. Ojambulawo mwina alibe cholinga choipa, kungoti akuthamangira galimoto isanawasiye, koma chotuluka n'chomwecho.

Tsiku lina ndinapeza azakhali anga ali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Kuti ndiwaone m'galasi ndinayenera kugwada, kamera n'kuikhazika pabondo, moti diso lake linali pa msinkhu wa licherolo, m'munsi mwa nkhope yawo. Mutu wanga unali pansi, maso pa foni. Iwo sanaume thupi monga achitira anthu akaona kamera. Anapitiriza kutola timiyala ndi mankhusu n'kumaponya kumbali, uku akundifunsa za ana, za mtengo wa feteleza ku Liwonde, ndiponso ngati ndamva kuti mwana wa asuweni anga wapita ku Joni osatsanzika. Ndinkayankha ndili chiweramire. Atafunsa funso lina ine n'kuchedwa kuyankha, anadzutsa mutu kuti aone ngati ndamva, dzanja lili m'mpunga, ndipo ndinadina pamenepo. Pachithunzipo akuyang'ana chotsika pang'ono, kwa ine, mmene akhala akundiyang'anira kuyambira ndili wakhanda. Anachigwira nthawi yaitali, foni ataitalikitsa chifukwa cha maso, kenako anati, "Eya, mwana wa achimwene, ameneyu ndiye ine. Wa pachiphaso uja sindimudziwa."

Sindine woyamba kuona zimenezi. Malick Sidibé wa ku Bamako m'dziko la Mali, amene mu 2007 analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ankajambula anthu m'situdiyo yake ndi Rolleiflex, kamera yoweramira yomweyi. Anyamata ankabwera ndi njinga zamoto zawo, ndi mawailesi, atsikana atavala zimene asankha okha. Ukayang'ana zithunzizo umaona anthu oima mwamphamvu, odziwa kuti nthawi imeneyi ndi yawo. Sindikunena kuti kamera ndiyo imapereka ulemu. Makamera omwewa anali m'manja mwa atsamunda amene ankaimika makolo athu pamzere n'kuwajambula osafunsa ngakhale dzina. Ulemu uli mwa munthu wogwira kamerayo. Chimene kamera yoweramira imachita n'kuika thupi lako mmene munthu waulemu amakhalira, ndipo thupi likatero mtima suvuta kutsatira.

Ndikaganiza za amalume ndimaona zithunzi ziwiri. Choyamba n'cha Ernest Cole wa ku South Africa, chimene chili m'buku lake la House of Bondage la mu 1967: amuna a kumigodi ataimikidwa pamzere ali maliseche, manja m'mwamba, akuyezedwa m'thupi. Cole ankajambula mobisa, chifukwa zimene zinkachitika m'migodimo sizikanatuluka mwanjira ina, ndipo boma la tsankho linaletsa bukulo. Munthu ameneyo ndimamulemekeza. Amalume sali pachithunzicho, koma moyo umene chikuonetsa ndi umene anakhalamo. Chachiwiri ndi chimene iwo anatumiza kumudzi: ali mu jekete, tayi pakhosi, mwendo umodzi pampando, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa maluwa. Zonse ziwiri n'zoona. Koma chachiwiricho anachisankha okha, analipira okha, ndipo n'chimene anafuna kuti amayi awo aone. Santu Mofokeng, wojambula wina wa ku South Africa komweko, anaona kufunika kwa zithunzi zotere, moti anasonkhanitsa zimene mabanja a anthu akuda anajambulitsa mwa kufuna kwawo pakati pa 1890 ndi 1950 n'kuzionetsa kudziko m'ntchito yake yotchedwa The Black Photo Album. Dera lathu likufunika zithunzi zoulula mavuto, ndipo ojambula zimenezo alipo ambiri. Osowa ndi ojambula munthu mmene iye akufunira kukumbukiridwa.

Kalilole uja ali ndi khalidwe lake limene munthu ayenera kulidziwa. Amatembenuza zinthu: za kumanja zimaoneka kumanzere, ndipo zolembedwa pa malaya zimawerengeka chobwerera. Kwa amene amajambula maluwa ndi nyumba zakale ku Ulaya, zimenezi si nkhani. Kwathu ndi nkhani. Pa tsiku la Idi ndinajambula bambo anga aakulu akudya mpunga ndi nyama ya mbuzi pansi pa mtengo, adzukulu atawazungulira. Atayang'ana pa foni nkhope yawo inasintha. "Mwanawe," anatero, "ine ndinayamba liti kudya ndi dzanja lamanzere? Adzukulu a adzukulu anga akadzaona ichi adzati agogo anali munthu wotani?" Sankaseka ayi. Kwa munthu amene moyo wake wonse wadya, wapereka moni ndi kulandira mphatso ndi dzanja lamanja, chithunzi chomuonetsa mosiyana ndi umboni wabodza. Foni ili ndi potembenuzira chithunzi, ndiye ndinachibweza iwo akuona, dzanja n'kubwerera pamalo pake. "Tsopano ukhoza kusunga," anatero, n'kupitiriza kudya.

Mawu awo ndi amene anandithandiza kugamula nkhani ya fumbi. Okonda njirayi kunja amalikonda fumbilo. Ambiri salola kupukuta galasi, chifukwa madontho ndi mizere ndi zimene zimapatsa chithunzi maonekedwe akale. Kulakalaka zakale komweko n'kumene kunathandiza Instagram itayamba mu 2010 ndi zithunzi za mbali zofanana ndiponso mitundu yozilala yotsanzira filimu. Ndimawamvetsa. Kwawo zonse n'zatsopano ndi zosalala, ndiye kadontho ka fumbi kamawapatsa mpumulo. Koma ine ndikajambula mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto pa Nselema, kapena mayi amene ali m'kakhumbi kake ka Airtel Money ndi Mpamba, kapena denga lamalata lokhala ndi sola, chithunzi n'kutuluka ngati cha mu 1960, ndiye kuti ndanena chimene anthu akunja amaganiza kale za ife, choti kwa Ngokwe nthawi inaima. Sinaime. Anyamata athu amalankhula ndi abale awo a ku Durban pa WhatsApp madzulo aliwonse, ndipo mtengo wa nandolo amaumva pa foni ogula asanafike. Sindifuna kuwaveka ukalamba umene si wawo.

Choncho galasi ndinalipukuta. Ndinatsegula mosamala, fumbi n'kulichotsa ndi nthenga ya nkhuku, osakhula kalilole chifukwa wakale sachedwa kusupuka. Patsala mzere umodzi wokalika pangodya yam'munsi, umene sungachoke. Umenewo ndausiya mosadandaula, chifukwa unabwera ndi ulendo wa kamerayo ndipo sukunamiza munthu. Mdima wa m'mbali ndimaukonda pa chifukwa china: umachotsa zosokoneza n'kusiya munthu yekha pakati.

Sikuti njirayi imatha zonse. Ndinayesa ku Nyanja ya Chiuta m'mawa asodzi akubwera ndi makumba ndi milamba, mabwato akutuluka m'mabango chakumalire ndi Mozambique. Bwato likamapita kumanja, m'galasi likupita kumanzere, manja ako n'kusokonezeka, ndipo ukamati ndalipeza, lafika kale padooko. Za changu zimafuna foni yokha. Madzulo kukayamba kuda, galasi limafooka msanga. Kamera imeneyi ndi ya munthu amene wakhala pansi ndipo wavomera.

Pali chinthu china chimene kamera yakaleyi inandikumbutsa, chimene chilibe chochita ndi magalasi. Ndili mwana kunkabwera akameramani a panjinga, makamaka nthawi ya Idi, Khirisimasi ndi zinkhoswe. Munthu ankalipira theka, kubwereka jekete kwa mnzake, kuima pafupi ndi maluwa atanyamula wailesi. Kenako kudikira. Wojambula sankapita kukatsukitsa ku Zomba kapena ku Blantyre filimu ya zithunzi 36 isanadzaze, ndiye mwezi unkatha. Nthawi zina ankabwera ndi uthenga woti zithunzi zapsa, anthu n'kukwiya, n'kuyambiranso. Koma zikatuluka, ankafika nazo pakhomo mu envulopu, ndipo chithunzicho chinkakhala cha mwini nkhope. Ankachiika mu alubamu kapena kuchipachika pakhoma, mlendo akabwera n'kumupatsa kuti aziona podikira nsima. Anthu aja analibe maphunziro a zojambula, koma ntchito yawo inkathera m'manja mwa wojambulidwa.

Lero tikujambula kuposa kale lonse, koma zithunzi zili m'mafoni amene amagwa m'madzi, amabedwa, kapena amagulitsidwa mu Januwale ufa ukatha m'nyumba. Memore khadi ikafa, ukwati wonse wapita, ndi nkhope ya agogo amene anamwalira chaka chatha. Ine ndinadziikira lamulo loti chithunzi chilichonse cha munthu chimene ndajambula kudzera mu Duaflex ndikachitsukitse ndikafika ku Liwonde kapena ku Balaka, ndibwere nacho kwa mwini wake. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi zimene timathera pa mayunitsi. Azakhali anga anachikulunga m'pulasitiki n'kuchipanikiza kuseri kwa kalendala. Bambo aakulu anachipereka kwa mwana wawo wamkazi kuti asunge, popeza iwo sapachika zithunzi za anthu m'nyumba imene amaswaliramo. Aliyense anachita nacho mmene anafunira.

Pepala nalo si lamuyaya. Freddy anasiya anthu oposa 500,000 m'dziko muno opanda pokhala, ndipo m'nyumba zimene zinagwa munali maalubamu amene anasanduka phala. Chiswe ndi chinyezi zikudya otsalawo mwakachetechete. N'chifukwa chake ndaona kuti pepala ndi foni zimafunana: chithunzi chakale chijambulidwe ndi foni kuti chikhale ndi pothawira, chatsopano chitsukidwe kuti chikhale ndi pokhala. Ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre kumasungidwa zithunzi zakale za dziko lino, koma nkhope za anthu wamba a m'mphepete mwa Chiuta, ovala zimene anasankha okha, zili m'mabokosi achitsulo a m'midzi mwathu, ndipo palibe adzazisunge ngati si ife.

Inu amene kwanu kuli bokosi la munthu amene anapita ku Joni kapena ku Halale, litseguleni mvula isanayambe. Mukapezamo kamera ya maso awiri musaipereke kwa ana kuti aphwasule. Sonyezani diso lake pabwalo, muwerame, muone ngati likuonabe. Mukapezamo zithunzi, zijambuleni ndi foni mutumizire abale, kenako mukhale pansi ndi wamkulu amene watsala pamudzipo akuuzeni maina, mulembe kuseri ndi pensulo: uyu ndani, mwana wa yani, chinali chaka chanji. Ndipo inu a mabungwe ndi atolankhani amene mumabwera kwa Ngokwe ndi makamera, ulendo wotsatira mubwere ndi zithunzi za anthu amene munawajambula ulendo wapitawo.